Buku Liti Lingatilondolere ku Matanthwe? Mafunso ndi Mayankho kwa Okwera a M'makomboni a Lusaka

Lusaka ndi mzinda wopanda phiri. Uli pamtunda ndithu, mamita pafupifupi 1,300 pamwamba pa nyanja yamchere, koma ukaima ku Kanyama, ku George kapena ku Chawama n'kumwaza maso, umangoona malata, mapolo a magetsi ndi fumbi. Wokonda kukwera matanthwe amene amakhala m'komboni ndi munthu wa maulendo apatalipatali. Amasunga ndalama miyezi ingapo, n'kunyamuka kamodzi kapena kawiri pachaka. Chilowereni masewerawa mu mpikisano wa Olympics ku Tokyo mu 2021, mavidiyo ake achuluka m'mafoni, ndipo mnyamata kapena mtsikana wa ku Matero amene wakopeka nawo sakusoweka. Munthu wotereyu sangakwanitse kutaya tsiku lathunthu akufunafuna thanthwe m'tchire, kapena kuwononga ndalama pa buku losamuthandiza. Mafunso otsatirawa ndi ake.

Funso: Kodi buku lolondolera okwera matanthwe likusiyana pati ndi mapu kapena buku la alendo odzaona malo?

Yankho: Buku la alendo limakuuzani kogona, kodyera ndi kokwerera basi. Mapu amakuonetsani kumene kuli phiri ndi kumene mtsinje ukulowera. Buku la okwera matanthwe limayambira pamene awiriwo alekezera. Limakutengani pomwe mwatsikira galimoto, n'kukudutsitsani m'minda ndi m'tchire mpaka patsinde pa thanthwe, kenako n'kukulozerani pokwera penipeni.

Mukalitsegula pakati mupeza chithunzi cha thanthwe, ndipo pachithunzipo pajambulidwa timizere topyapyala, kawirikawiri tofiira kapena tachikasu, tokwera mokhotakhota kutsata ming'alu ndi popondapo phazi. Kamzere kalikonse ndi njira, ndipo kali ndi nambala yake. Tsamba lotere okwera amalitcha topo. M'munsi mwa chithunzi mumalembedwa dzina la njira, kutalika kwake, giredi yosonyeza kuvuta kwake, kuchuluka kwa mabawuti amene anakhomedwa m'mwala, mayina a amene anayamba kuikwera ndi chaka chimene anakwera. Kumapeto kwa kamzere kumakhala chizindikiro cha pomangirira chingwe potsika. Mabuku otere si adzana: W. P. Haskett Smith anatulutsa lake lonena za matanthwe a ku England mu 1894.

Funso: Miyala tili nayo yambiri kuno. Bwanji osayambira m'maenje okumbamo miyala a pafupi ndi kwathu, n'kusiya za mabuku ndi maulendozi?

Yankho: N'zoona, miyala tili nayo. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa mwala wa laimu, n'chifukwa chake ku Chilanga kuli fakitale ya simenti, ndipo ku Kanyama madzi a mvula amadikha m'mabwalo ndi m'nyumba. Aliyense wodutsa mu msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga anawaonapo amayi atakhala pansi, hamala m'manja, akuphwanya miyala n'kuiunjika milumilu kudikira omanga nyumba.

Koma musakwere m'maenje amenewo. Mwala wa mmenemo unaswedwa ndi nyundo, wina ndi moto wa matayala, ndipo uli ndi ming'alu ya mkati imene diso silingaione. Chogwirira chooneka cholimba chimatha kuzuka chonse m'dzanja. Pansi pake pamakhala madzi akuda obisa zitsulo ndi magalasi, ndipo m'maenje a ku Misisi ndi ku Chawama ana akhala akumira. Alipo maenje akale kumaiko ena amene anasandutsidwa malo okwerera, koma kumeneko anthu odziwa anayamba agwetsa miyala yogwedera, n'kuyesa pokhoma paliponse. Popanda ntchito imeneyo, dzenje ndi dzenje basi.

Funso: Ndiye tigule buku la kuti?

Yankho: Yambani mwasankha thanthwe, buku lidze pambuyo. Ambiri amachita mozondoka. Amakopeka ndi buku lokongola lodzaza zithunzi za ku Yosemite kapena za mapiri a Alps, n'kulisunga m'kabati zaka ndi zaka. Kuliwerenga n'kokoma, koma silidzakufikitsani pamwala uliwonse umene thumba lanu lingafikeko.

Wochokera ku Lusaka ali ndi njira zingapo. Ya kum'mawa ndiyo yathu ambiri, chifukwa ndi kumudzi. Mukawoloka mlatho wa Luangwa pa Great East Road, n'kudutsa Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete, zitunda za mwala wa granite zimayamba kutumphuka m'minda mbali zonse mpaka ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Lusaka. Kumpoto, pafupi ndi Mpika, kuli Mutinondo ndi mapiri ake a mwala wokhawokha. Mwala ulipo wokwanira, koma zolembedwa za njira zokwerera n'zochepa, ndipo buku lotere silipezekapezeka m'masitolo athu.

Zolembedwa zimayamba kuchuluka mukadumpha malire. Basi yonyamuka pa Intercity m'bandakucha imakufikitsani ku Chipata, ndipo mukadutsa chipata cha Mwami ndi Mchinji muli pa msewu wa ku Lilongwe. Kumeneko kuli bungwe la Climb Malawi, lomwe lili ndi khoma lophunzirirapo kukwera mumzinda momwemo, ndipo anthu ake akhala akutsegula njira m'matanthwe a pafupi, monga ku Nathenje ndi ku Mulundi chakumbali ya Dedza. Kum'mwera kwa dzikolo kuli Mulanje, koma kumeneko muwonjezerepo tsiku lina la ulendo. Amene ali ndi abale ku Joni angaganizire za Waterval Boven m'chigawo cha Mpumalanga, kumene njira zokhomedwa mabawuti zili m'mahandiredi ndipo mabuku ake amakonzedwanso pafupipafupi.

Kwa woyamba kumene, ine ndinganene kuti matanthwe ozungulira Lilongwe ndiwo oyenera. Ndi apafupi, njira zake n'zazifupi, ndipo amene anazitsegula alipo, mungawafunse maso ndi maso.

Funso: Timamva za buku la Frank Eastwood lonena za Mulanje. Kodi n'loyenera kulifunafuna?

Yankho: Guide to the Mulanje Massif linatuluka koyamba mu 1979, ndipo mpaka lero aliyense wolemba za phirilo amayambira pamenepo. Eastwood sanalembe zongomva. Anali m'gulu la amene anatsegula njira zikuluzikulu za paphirilo m'zaka za m'ma 1970. M'bukumo muli njira zoyenda pansi pakati pa nyumba zogona za pamwamba, njira zofikira nsonga zosiyanasiyana kuphatikizapo Sapitwa, yotalika mamita 3,002, ndiponso njira zokwera ndi chingwe.

Chotchuka kwambiri ndi khoma la kumadzulo la nsonga ya Chambe, lotalika mamita pafupifupi 1,700, limene ambiri amati ndiyo njira yaitali koposa yokwera pa mwala mu Africa muno. Mukaima chakumadzulo kwake madzulo dzuwa likulowa, khomalo limaoneka lathunthu, lotuwa, lokhala ndi mizere yakuda ya modutsa madzi. Pano ndiyenera kunena mosabisa: khoma limenelo si la munthu wokwera kamodzi kapena kawiri pachaka. Mwala wa Mulanje ndi wosalala, ming'alu yolowetsamo zitsulo zodzitetezera ndi yochepa, ndipo malo ena wokwera amakwera mamita ambiri akudalira zitsamba za cheyo zomera pamwala, zimene mizu yake siilowa kutali. Wogwa pamalo otere sagwa pang'ono.

Mukalipeza bukulo, lisungeni. Lidzakuphunzitsani mayina a nsonga, zigwa ndi mitsinje, ndipo lidzakuonetsani nsonga zimene munthu angafikepo ndi manja ndi mapazi popanda chingwe. Ngati cholinga chanu ndi kuyenda pansi kuchoka pa nyumba ya Chambe kupita ku Lichenya, Chisepo kapena Thuchila, bungwe la Mountain Club of Malawi, lomwe linayamba mu 1952, lili ndi kabuku katsopano ka njira zoyenda kopezeka pa intaneti. Muziwerenga awiriwo pamodzi.

Funso: Mwala susintha. Nanga chaka chimene buku linalembedwa chili ndi ntchito yanji?

Yankho: Chili ndi ntchito yaikulu kuposa chikuto, zithunzi ndi mtengo. Mukatenga buku m'manja, tsegulani tsamba lachiwiri muone chaka, kenako muone chaka cha njira yatsopano kwambiri imene yalembedwamo. Chachiwiricho ndicho chimakuuzani pamene wolemba anafika pamalopo komaliza, chifukwa mabuku ena amangosindikizidwanso popanda kukonza kanthu.

Buku lakale lili ngati malume amene anachoka mu Lusaka kalekale, n'kumakulondolerani njira ya ku Mtendere potchula mitengo imene inadulidwa ndi magolosale amene anagumulidwa. Sakunama, koma mukawatsata mungasochere. Pa Mulanje, mikungudza yambiri imene inalipo mu 1979 inatha ndi macheka, ndipo nkhalango za paini za m'chigwa cha Chambe zinadulidwa. Buku likati mukhotere kumanja pamene pathera nkhalango, lero mukhotera pati? Ndiye pali napolo. Mu Malichi 1991 anakokolola midzi ku Phalombe, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula mapiri a Mulanje, Phalombe ndi Blantyre, kusiya zipsera zazitali zofiira m'mbali mwa mapiri, kuchotsa milatho ndi kusintha powolokera mitsinje. Buku lililonse lolembedwa 2023 isanafike silidziwa zimene Freddy anasintha.

Chitsulonso chimakalamba. Bawuti lokhomedwa zaka makumi angapo zapitazo, makamaka ngati silinali lachitsulo chosachita dzimbiri, limatha kudyeka mkati mwa mwala kunja likuoneka bwinobwino. Zingwe zakale zosiyidwa pomangirira zimaphikidwa ndi dzuwa mpaka kumathetheka. Buku labwino limanena chaka chimene mabawuti anakhomedwa kapena kusinthidwa. Likapanda kunena, funsani okwera a kumaloko musananyamuke.

Funso: Pali mabuku ena onenepa olemba njira zonse, ndi ena opyapyala osankhako zochepa. Labwino n'liti?

Yankho: Kwa inu, losankhalo. Buku lolemba njira iliyonse ya paphiri limodzi ndi la munthu wokhala pafupi, wopitako Loweruka lililonse, amene njira zotchuka anazimaliza kale. Inu muli ndi masiku atatu kapena anayi. Mukufuna buku lophatikiza matanthwe angapo a dera limodzi, loika nyenyezi pa njira zabwino, kuti musataye m'mawa wonse pa njira yodzaza udzu ndi ndowe za mbira pamene yokoma ili mamita khumi kumanzere.

Werenganinso kuti njira za msinkhu wanu zilimo zingati. Buku la njira mahandiredi atatu, zosavuta zisanu zokha, si lanu.

Funso: Manambala a magiredi amatisokoneza. Pena 6a, pena 5.10, pena 18. Zikutanthauza chiyani?

Yankho: Dziko lililonse linayamba kuyeza mwa njira yakeyake, ndipo kwathu kuno zonse zimakumana, chifukwa amene anatsegula njira anachokera kosiyanasiyana. Afalansa amalemba nambala ndi chilembo: 4, 5a, 5c, 6a, mpaka 9c, giredi imene Adam Ondra anaipereka mu 2017 ku njira yotchedwa Silence ya ku Flatanger m'dziko la Norway. Aamerika amayamba ndi 5 ndi kadontho: 5.6, 5.9, 5.10a, kumapita m'mwamba. Ku South Africa amagwiritsa nambala imodzi yokha yomakwera, mofanana ndi njira imene John Ewbank anayambitsa ku Australia, ngakhale mabuku akale a kumeneko ali ndi zilembo monga F2 ndi G1. Bungwe la UIAA limalemba manambala achiroma. Mongoyerekeza, 6a ya Afalansa ndi 5.10a ya Aamerika, ndipo ku South Africa ili pa 18 kapena 19.

Buku loyenera kugula limanena koyambirira kuti likutsata njira iti, ndipo limaika tebulo lofananitsa. Lopanda tebulolo likupatsani ntchito yowonjezera.

Koma pali china chofunika kuposa nambala. Giredi yambiri imangonena kuvuta kwa kukwera, osati kuopsa kwa kugwa. Angerezi anayesa kuphatikiza ziwirizi, n'chifukwa chake amalemba zinthu ngati HVS 5a kapena E1 5b, ndipo Aamerika amawonjezera R kapena X pa njira imene wogwa angavulale kwambiri kapena kufa. Onetsetsaninso ngati njira ndi yokhomedwa mabawuti, kapena ndi yofuna kuti wotsogola azilowetsa yekha tizitsulo totchedwa nuts ndi cams m'ming'alu. Awa ndi masewera awiri osiyana, ngakhale nambala ifanane. Ndipo mukafika pa thanthwe lachilendo, yambani ndi njira yotsika magiredi awiri kapena atatu kuposa imene mumakwera pakhoma la m'tauni. Okwera akale anali ouma manja popereka magiredi, ndipo njira imene iwo anaitcha yosavuta imatha kukutulutsani thukuta.

Funso: Tili ndi buku m'manja, kapena latsegulidwa pa foni. Tione chiyani tisanalipire?

Yankho: Musathamangire zithunzi. Pitani pa ndime yofotokoza kafikidwe. Kodi ikunena potsikira minibasi, mudzi wodutsamo, mphindi zoyenda pansi, ndi manambala a GPS? Mabuku ambiri amalembedwa ndi anthu a magalimoto awoawo, ndipo amangoti imikani galimoto apa. Inu mufunika kudziwa kuti kuchokera pa msewu wa tala kufika pamenepo ndi makilomita angati, ngati pali njinga za kabaza, ndiponso kuti minibasi yomaliza imadutsa nthawi yanji. Ngati buku silinena, lembani funsolo pambali kuti mukafunse.

Kenako werengani za katsikidwe. Ngozi zambiri zimachitika potsika, munthu atatopa, dzuwa litapendeka, mtima uli kale pa nsima. Buku lolongosola bwino kukwera koma longoti tsikirani kuseri, lasiya theka la ntchito. Liyenera kunena ngati mumatsika pansi ndi mapazi kapena pa chingwe, kangati, ndipo pomangirira pali pati.

Kutalika kwa njira kukhale kolembedwa m'mamita. Wokwera akafika pamwamba n'kumatsitsidwa ndi mnzake, chingwe chimapita ndi kubwera, choncho chingwe cha mamita 60 chimakwanira njira ya mamita 30 basi. Njira ya mamita 35 imafuna chingwe cha mamita 70. Okwera odziwa ndithu avulala chifukwa nsonga ya chingwe inapulumuka m'manja mwa wogwira mnzake akadali m'malere. Mangani mfundo kunsonga kwa chingwe nthawi zonse, ngakhale buku litanena kuti chikwanira.

Onaninso ngati likunena kumene khoma layang'ana. Ife tili kum'mwera kwa equator, ndipo mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto. Khoma loyang'ana kumpoto ndilo lofunda m'nyengo yozizira, loyang'ana kum'mwera limakhala mumthunzi. Malangizo olembedwa ku Ulaya kapena ku America amanena zosiyana ndi zimenezi, chifukwa kwawoko dzuwa limadutsa chakum'mwera. Mu Okutobala dzuwa limakhala pamutu, mwala wa granite umatentha mpaka kuwotcha zala, ndiye pitani m'mamawa ku khoma loyang'ana kumadzulo, nthawi ikamakwana 11 mukhale mutatsika. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kapena Sepitembala. Nthawi ya dzinja mwala umamera ndere n'kuterera, ndipo mphezi imakonda pamwamba pa zitunda.

Funso: Pepala kapena foni?

Yankho: Zonse ziwiri, koma chodalira chikhale pepala. Masamba a pa intaneti monga theCrag ndi Mountain Project ali ndi ubwino umene buku losindikizidwa lilibe: wokwera wa mwezi watha amatha kulembapo kuti bawuti lachitatu likugwedera kapena kuti njuchi zamanga pa njira yakutiyakuti. Za matanthwe a Malawi ndi Zambia, kawirikawiri kumeneko ndiye kumene mungapeze zatsopano. Kuipa kwake n'kwakuti aliyense amalembapo, wodziwa ndi wosadziwa yemwe. Werengani deti la ndemanga iliyonse, ndipo njira yolembedwa ndi munthu mmodzi yekha, popanda wina wotsimikiza, muziikayikira.

Patsinde pa thanthwe netiweki imasowa, batire imatha, ndipo dzuwa likawala sikirini siioneka. Ife a m'komboni tikudziwanso kuti magetsi amatha kuzima usiku wonse wa tsiku lonyamuka, foni n'kuchoka pakhomo ili ndi theka la moto. Koperani masamba onse mukadali ndi bando, kenako pitani pa kashopu kosindikiza mapepala musindikize topo ya matanthwe amene mukupitako okha. Ikani mapepalawo m'kajumbo koonekera mkati, aliyense m'gulu akhale ndi ake.

Funso: Kodi pali zimene ngakhale buku labwino silingatiuze?

Yankho: Zilipo, ndipo ndi zimene zimabweretsa milandu. Thanthwe lililonse lili ndi eni ake. Lina lili m'munda wa munthu, lina pa famu, lina m'nkhalango ya boma kapena m'paki, ndipo ambiri a kum'mawa ali m'manja mwa mafumu. Mukafika pamudzi, musalunjike kuphiri ndi zingwe paphewa. Pitani kaye kwa anyakwawa, perekani moni, khalani pansi, fotokozani kumene mwachokera ndi chimene mwadzera. Iwo ndiwo angakuuzeni kuti mbali iyi kuli manda, uko kuli dambwe, phanga ilo ndi la nsembe za mvula. Inu amene kwanu ndi ku Katete kapena ku Chadiza mukudziwa kuti dambwe salowamo chisawawa, ndipo buku lolembedwa ndi mlendo mwina silinatchule n'komwe.

Mapanga ambiri a m'dera lathu ali ndi zojambula za makolo. Ku Eastern Province kuli Thandwe ndi Mkoma, kumpoto kuli Nachikufu ndi Mwela, zonse zili m'manja mwa National Heritage Conservation Commission. Ku Dedza kuli Chongoni, malo 127 a zojambula amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Denga la phanga lopendekera kunja limakopa wokwera aliyense, koma pamene pali utoto wofiira kapena woyera pamwala musagwirepo, musapakepo choko, musakhomepo kanthu. Chojambula chimene chakhala zaka mazanamazana chimatha kufufutika ndi manja a gulu limodzi.

Ndiye pali zamoyo. Njuchi zimakonda ming'alu ya m'matanthwe, ndipo zikakuukirani muli pa chingwe mulibe kothawira. Musanayambe kukwera, imani chete muyang'ane m'mwamba ngati pali zouluka zolowa ndi kutuluka pamalo amodzi. Anyani amagubuduza miyala kuchokera pamwamba, choncho chipewa cholimba chisachoke kumutu ngakhale muli pansi. M'tinjira ta kuthengo muli chitedze, ndipo mphiri imagona panjira osasuntha. Mnyamata woweta ng'ombe wa pamudzipo amadziwa zonsezi kuposa wolemba buku aliyense. Mutengeni akutsogolereni, ndipo mumulipire moyenera.

Pa Mulanje chinanso ndi chiperoni, nkhungu yozizira ya mvula yowaza imene imagwa m'miyezi yomwe ija yabwino kukwera. Imatha kuphimba phiri m'kanthawi kochepa mpaka osaona mnzako ali patsogolo. Mu Julayi 2009 mlendo wa ku Brazil anapitirira yekha kulowera ku Sapitwa atasiya womutsogolera, ndipo anapezeka atamwalira patapita masabata. Otsogolera alendo ndi onyamula katundu amapezeka pa Likhubula ndi pazipata zina za phirilo. Ndalama yawo muiwerengere limodzi ndi ya basi.

Funso: Ngati tili ndi buku labwino ndi mavidiyo a pa YouTube, kodi sitingadziphunzitse tokha?

Yankho: Ayi. Buku lolondolera limalembedwa poganiza kuti wowerenga amadziwa kale kumanga mfundo, kugwirira mnzake chingwe, ndi kumasula pomangirira ali pamwamba. Limakuuzani kokwera, osati kakweredwe. Zimenezi zimaphunziridwa pansi, pamaso pa munthu wodziwa amene angakugwireni dzanja n'kunena kuti apa mwalakwitsa. Ndipo chifukwa inu mumapita mwa apo ndi apo, manja amaiwala. Sabata yonyamuka kumanani pabwalo, mangirirani chingwe pa mtengo wolimba, mubwereze zonse mapazi ali pansi.

Ndiwonjezere za zida, pakuti pano ndi pamene kusowa ndalama kumatinyenga. Nsapato, chikwama ndi jekete za pa salaula zilibe vuto. Chingwe ndi lamba wa m'chiuno zosadziwika mbiri yake musagule. Chingwe cha nayiloni cha m'mahadiweya, chomangira katundu pa lole, si chokwerera. Chingwe chokwerera chimatamuka kuti chimeze mphamvu ya kugwa, ndipo kunsonga kwake kumakhala chizindikiro cha UIAA kapena EN 892. Opanga ambiri amati chikafika zaka 10 chitayidwe ngakhale sichinagwire ntchito. Tsoka silinunkha, ndipo chingwe chimene chinadonthedwa ndi asidi wa batire chimaoneka ngati chabwino.

Funso: Mabukuwa ndi odula, ndipo ambiri ndi oitanitsa kunja. Kodi kujambula la mnzathu pa fotokope n'kulakwa?

Yankho: Kujambula masamba awiri kapena atatu a buku lanu kuti lisanyowe kuphiri n'kwanzeru. Kujambula buku lonse la wina n'kumagawa pa WhatsApp n'kumubera wolemba. Anthu olemba mabuku otere salemera nawo. Amatha zaka akuyenda, kuyeza ndi kujambula, ndipo m'malo ambiri gawo la ndalama za buku ndilo limagula mabawuti atsopano amene inu mudzapachikapo moyo wanu.

Njira yabwino ndi imene timaidziwa kale. Palibe amakwera yekha, ndiye gulani ngati gulu. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi akachita chilimba, mwezi uno chingwe, mwezi wamawa makarabina okolera chingwe, mwezi winawo buku, pakutha pa chaka ali ndi zonse. Buku likhale la gulu, lizisungidwa ndi mmodzi, ndipo aliyense wobwera ku ulendo azilembamo ndi pensulo m'mphepete zimene wapeza zitasintha, n'kuikapo deti. Musanaitanitse kunja, lemberani kaye magulu a okwera a kumene mukupita. Nthawi zambiri amakhala ndi masamba aulere, kapena buku loti mungabwereke mukafika.

Funso: Nanga zitunda za kwathu ku Petauke, Katete ndi Chipata, zimene sitizipeza m'buku lililonse?

Yankho: Buku lake mulemba ndinu. Pa Mulanje, Eastwood ndi anzake anapeza phiri ndi anthu odziwa njira zake, n'kuyamba kulemba. Ambiri a inu mumapita kumudzi pa tchuthi, pa maliro, kapena ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, nyengo yomwe mwala uli wouma. Chilankhulo mukuchidziwa, mafumu ndi agogo anu, ndipo mukudziwa minibasi yofika kumeneko ndi mtengo wake. Mlendo wochokera kunja alibe chilichonse mwa zimenezi.

Kuyamba sikufuna chingwe. Tengani kope ndi foni. Jambulani thanthwe m'mawa kapena madzulo pamene mithunzi ikuonetsa ming'alu. Funsani akuluakulu dzina lake lenileni, ndipo mulembe lomwelo, osalipatsa lachilendo. Lembani mudzi, mfumu yopempha chilolezo, mphindi zoyenda, kumene kuli madzi akumwa, mbali yoletsedwa, kumene kuli njuchi, ndi chipatala chapafupi. Miyala ikuluikulu yogubuduka imene ili patsinde pa zitunda, yosapitirira mamita atatu kapena anayi, ndi yokwera popanda chingwe ngati pansi pali pabwino, pali matiresi, ndipo anzanu akukutchingirani. Zokhoma mabawuti zisiyeni mpaka mutaphunzira kwa odziwa ndiponso eni malo atavomera, chifukwa bawuti lokhomedwa molakwika lidzapha munthu wina amene analikhulupirira.

Lembani m'Chinyanja, kuti mng'ono wanu wa ku George ndi msuweni wanu wa ku Sinda awerenge popanda womasulira. Ulendo wotsatira mukapita kumudzi, bwererani ku Lusaka ndi tsamba limodzi lolembedwa bwino, lokhala ndi chithunzi ndi deti, ndipo mulipereke kwa gulu lina lisananyamuke.